Mchenga wa Jinja

Ana anga, ine cholembera sindinachigwirepo. Mawu awa ndi anga koma dzanja ndi la mdzukulu wanga Rozina, ndipo ndamuuza kuti asandikongoletse, alembe momwe ndikulankhuliramu. Za ubwana wanga tizisiye, munalibe kanthu koma mbuzi ndi mphere. Ndikufuna mudziwe za ntchito yanga yoyamba, pakuti ena a inu mumangomva zoti agogo anu Nashawa anagwirapo kwa mzungu, ndiye mumayesa kuti ndinkadya batala. Zaka za pakalendala musandifunse. Ine ndimakumbukira ndi mvula komanso zimene zinkachitika.

Chaka chimene anyamata ankatengedwa kupita kunkhondo ya azungu

Amuna anga anali atapita ku Halale kukafuna ntchito. Poyamba ankatumiza moni ndi bulangete kudzera mwa anzawo, kenaka moni yekha, kenaka zii. Anatchona. Ndinatsala kwathu ku Kandeu ndi mwana mmodzi, Enelesi, mayi wake wa amene akulembayu, ndi mayi anga amene maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina mlamu wanga anabwera kuchokera ku Boma n'kunena kuti kuli dona woyembekezera amene akufuna mayi woti adzamulerere mwana. Ndinamusiya Enelesi mano akutsogolo atangoguluka, ndinanyamula kamtolo kanga, ndinayenda tsiku lathunthu.

Nyumbayo inali pamtunda, phiri lili kumbuyo kwake. Mwini wake anali woyeza misewu, ndipo tinkamutcha Bwana Chingwe chifukwa kulikonse ankayenda ndi anthu okoka chingwe chachitsulo. Munthu wamtali, wosalankhulalankhula, Chinyanja chake chodukaduka. Aliyense kwa iye anali "iwe", ngakhale Che Saidi, khukhi wathu, Myao wa ku Mangochi amene mutu unali woyera kale. Dona anali wina. Wamng'ono thupi, wofulumira kuseka, mimba ili patsogolo. Tsiku loyambalo anandigwira dzanja n'kunditengera mukolido, pakhomo pa chipinda chawo chogona. Pamenepo panali bokosi lamatabwa, lija amaikamo madebe a palafini, lodulidwa kuti lifupike, lodzaza mchenga. Pambali pake panakhala mphaka wamphongo wonenepa, wofiira ngati ndevu za chimanga chakumunda zikamauma, akundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha mchere.

"Esinati," anatero dona pondiitana dzina langa, "mwana asanabwere, mwana wako ndi uyu. Dzina lake Jinja. Ichi ndi chimbudzi chake."

Ndinaugwira mtima mpaka kukhitchini. Kumeneko ndinafunsa kuti, "Che Saidi, kodi chona ameneyu alibe miyendo yopitira kuthengo?"

"Chona ali kuti? Achemwali, samalani pakamwa. Ameneyu ndi mzungu wamiyendo inayi. Inu ndi ine timapita kuseri kwa nthochi, iye amachitira m'nyumba, ndipo pali munthu womutayira. Munthuyo anali ine. Mulungu wandimva, wanditumizira inu."

Anandiuza kuti mphaka woyamba wa dona anatengedwa ndi kambuku pakhonde pomwepo, ndiye uyu chibwerere kuchokera ku Kabula ali kamwana sanapondepo panja. Ntchito yanga inali iyi: mmawa kuchotsa zimene wasiya ndi chipande chakale, kenaka kutsikira kumtsinje wa Mpamadzi kukatapa mchenga, kuuyanika pachiguduli, kuusefa kuti musakhale timiyala. Amayi otunga madzi anazindikira msanga. Ndikangotulukira ndi dengu langa, wina ankakuwa kuti, "Uyo akubwera! Mkazi wa mtchona akutapira chona mchenga!" Onse kuseka mpaka kugwira mitsuko. Ine ndinkawayankha kuti bola wangayu amabwera ndikamuitana.

Dzuwa likapendeka dona ankakhala m'chipinda mwake chitseko chili chotsegula, akusoka tizovala ta mwana. Jinja ankagona pamapazi ake. Ine ndinkakhala pansi pakhomo, akundiphunzitsa kupinda nsalu, ine ndikumuphunzitsa mawu athu. Masiku amenewo ndiye anali batala wanga, ngati mukufuna kudziwa.

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho

Matenda anamuyamba dona nthawi isanakwane, bwana ali kumsewu cha ku Mlangeni. Che Saidi anathamangitsa munthu panjinga, lole inabwera, anapita naye kuchipatala cha mishoni. Sanabwereko, iye ngakhale mwana. Mawa lake anamuika. Ana anga, maliro otere sindinawaonepo. Azungu owerengeka ataimirira, zipewa m'manja, m'busa kuwerenga pang'ono, basi. Palibe analira mokweza, palibe anagona pakhomo. Dzuwa lisanalowe anthu akumwa tiyi pakhonde. Ine misozi ndinakaitayira kuseri kwa khitchini ngati ndaba kanthu.

Patangopita masiku ochepa bwana anabwerera kuchingwe chake. Asanapite anakiya chipinda chija n'kuika kiyi m'thumba, iye n'kusamukira chipinda cha alendo. Analamula kuti nyumba yonse tiikolope ndi mankhwala akuda onunkha aja a m'chipatala. Bokosi la Jinja anati lichoke mukolido, lipite kukhonde lakumbuyo. Mnzake wina, pofuna kumusangalatsa, anamupatsa chigalu chachikulu, ndipo anachimangirira kukhonde lomwelo. Ine ndinkadikira kuti andiuza zopita kwathu, pakuti mwana woti ndilere panalibe. Sanandichotse. Ndinangoyamba kuchapa ndi kusita.

Jinja anayambira pachitseko chokiyidwacho. Mmawa ndinapeza pansi panyowa. Ndinapukuta osauza munthu. Mawa lake anakodza m'jombo za bwana. Kenaka pabedi pake, kenaka pamapepala a misewu amene anawasiya patebulo. Sunali mkodzo wambiri, timadontho chabe apa ndi apo, ndipo tina tinali ndi magazi. Bwana akapeza, ankamugwira pakhosi, kumukhuditsa mphuno pamenepo, kumuponyera kukhonde kumene kunali galu. Mphaka uja ankathawira pansi pa kabati n'kukhala tsiku lonse, maso okha ali waliwali. Ubweya wa pamimba anaunyambita mpaka khungu kuonekera.

Che Saidi anati, "Ameneyu si mphaka akukodzayu. Ndi dona. Sanamulire bwino, wakwiya."

"Che Saidi, dona uja mumamudziwa. Anali munthu wokodzera mnzake m'jombo?"

"Amoyo ndimawadziwa. Akufa amasintha khalidwe."

Mmawa wina bwana anandiitana pakhonde, jombo ili m'manja. "Iwe Esinati. Mphaka kodza kamodzi basi, ine mfuti. Mphaka palibe, ntchito yako palibe." Atatero anakwera lole, anapita kuulendo wa mlungu wathunthu.

Ndinapita kukhonde lakumbuyo kukaona bokosi. Mchenga unali momwe ndinauthirira, wosalala, wopanda ndi phazi lomwe. Unyolo wa galu unkafika pafupi penipeni. Ndinadzifunsa kuti, kodi ine ndingakhale pansi kudzithandiza chinthu chotere chikundiuwira kukhosi? Ndiye ndinanyamula bokosi lija n'kulibwezera pamalo pake, pachitseko cha dona, osapempha munthu. Galu ndinamusamutsira kumtengo wa pichesi kumunsi kwa munda. Paliponse pamene Jinja anakodzapo ndinatsukapo ndi madzi ofunda a phulusa, ndinasiyiratu mankhwala onunkha aja, pakuti ngakhale ine ankandilowa m'mutu. Mchenga watsopano ndinausakaniza ndi pang'ono pa wakale kuti amve fungo lodziwika. Mbale yake ya chakudya ndinaiika patali ndi bokosi, madzi ndinamuikira m'malo awiri. Koma iye pansi pa kabati sanatuluke.

Apa ndi pamene mawu a Che Saidi anandibwerera, theka lake lokha: sanamulire bwino. Kwathu kuno munthu akaferedwa sitimusiya yekha. Timapita kukakhuza. Sunyamula mawu ambiri, umangofika, kukhala pansi, kutambasula miyendo, kunena kuti pepani, n'kukhala naye mpaka mtima utatsika. M'nyumba yonse ija amene anaferedwa poyera anali mphaka, ndipo chimene tinamuchitira ndi kumutsekera chitseko, kumufufutira fungo la mwini wake, ndi kumumenya.

Dzuwa litapendeka, nthawi imene dona ankasoka, ndinakakhala pansi mukolido pamalo panga pakale. Ndinatambasula miyendo. Ndinati, "Pepa, Jinja. Tonse watisiya." Sindinamuitane, sindinamuyang'ane. Che Saidi anasuzumira, anapukusa mutu. "Nashawa, mwayamba kupenga. Ndikufululireni tiyi wa anamfedwa?" Ndinati afulule. Anabweretsadi, akung'ung'udza. Tsiku loyamba mphaka sanasunthe. Lotsatira anatulutsa mutu. Kenaka tsiku lina anayenda chokwawa m'mbali mwa khoma n'kudzagona pafupi ndi mapazi anga, osandikhudza. Mmawa wake ndinapeza mchenga utaunjikidwa kakona kamodzi, kamulu konyowa. Ine ndinabereka mwana, koma sindikudziwa ngati thewera linandisangalatsapo chotero.

Bwana anabwera msanga kuposa momwe ananenera. Analowa fumbi lili thupi lonse, anandipeza nditakhala pansi m'nyumba mwake, miyendo tambalale, bokosi lili pomwe analichotsa. Nkhope inafiira.

"Iwe chita chiyani?"

Sindinadzuke, poopa kudzidzimutsa mphaka. "Ndikukhuza maliro, bwana."

"Khudza? Khudza maliro? Iwe lowa chipinda? Iwe khudza zinthu za dona?" Anagwira thumba kufuna kiyi, anakuwa kuitana khukhi.

Che Saidi anabwera akupukuta manja. "Ayi bwana, sanakhudze kanthu. Akuti kukhuza. Kukhudza ndi kwa manja. Kukhuza ndi kwina." Anayesa m'Chingerezi chake cha m'khitchini, mawu anamuthera. Mapeto ake mkulu uja anangopinda maondo, anakhala pansi pambali panga, anatambasula miyendo, nati, "Ndi chonchi, bwana. Munthu akafa, otsala amakhala chonchi. Basi."

Bwana anatiyang'ana nthawi yaitali. "Mphaka?"

"Mphaka, bwana. Ndi aliyense amene waferedwa."

Anatuluka. Tinamva akusamba m'manja kubafa. Ndinati ntchito yatha, mwina ndi mphaka yemwe. Koma anabweranso, anavula jombo, anakhala pansi tsidya lina la chitseko, msana kukhoma. Miyendo yake inali yaitali mpaka inakafika khoma linalo. Patapita nthawi mapewa ake anayamba kugwedezeka. Che Saidi anayang'ana kudenga, ine ndinayang'ana m'manja mwanga, monga timachitira kuti munthu alire bwino. Atamaliza anatulutsa kiyi, anatsegula chitseko. Jinja analowa, ananunkhiza mwendo wa mpando, anakwera pamene panali nsalu zosamalizidwa kusoka, anagona.

Mvula ya chaka chimenecho

Kuyambira pamenepo jombo za bwana zinapuma. Ubweya wa pamimba unamera. Inali nthawi yovuta, nsalu zinasowa m'masitolo a Amwenye, sopo tinkachita kudula tizidutswa, palafini analeka kubwera ndipo bokosi litawola pansi Che Saidi anachita kulikhomerera ndi thabwa la shelefu yake. Mvula ikamanga, mchenga ndinkauumitsira pachitofu, iye akudandaula kuti buledi wa bwana anunkha mtsinje. Koma ndinaphunzira kuti Jinja safuna zosinthasintha. Mlendo akagona m'nyumba, kapena mpando ukasunthidwa, ndinkaona timadontho tija tabwerera, ndiye ndinkawonjezera nthawi yokhala naye pansi mpaka zitatha. Bwana naye anasintha chinthu chimodzi: anayamba kunena kuti "inu Esinati", "inu Saidi". Zina zonse m'Chinyanja chake zinakhalabe zothyoka.

Masika otsatira

Chimanga chitauma, bwana anauzidwa kuti asamukire kuchigwa cha Shire, kotentha kuja. Anandiitana. Anati Che Saidi akupita, inenso ndipite. Anati popanda ine mphaka sangapirire ulendo ndi nyumba yachilendo, ndipo iye sangathe kuona zija kachiwiri. Ngati sindipita, kuli bwino amuwombere n'kumuika konkuno, kufupi ndi mwini wake. Sanalankhule mokalipa. Ndinapempha kuti ndikaone kumudzi kaye.

Nditafika ku Kandeu ndinapeza mayi anga maso atatheratu. Enelesi, kamwana kaja, ndiye kankawatsogolera ndi ndodo kupita kuchimbudzi, kankaphika, kankatunga madzi ndi chikho pakuti mtsuko sikankautha. Atandiona sanandithamangire. Anagwada patali n'kunena kuti, "Takulandirani," ngati ndine mlendo wodutsa. Mayi anga anati, "Ndamva kuti ukulera chona. Akukula bwino mdzukulu wangayo?" Pamenepo ndinadziwa kuti ku Shire sindipita.

Ndinabwerera ku Boma, ndinamuuza bwana, ndipo ndinagwada kumupempha kuti andipatse Jinja. Anati kumudzi kuli agalu, kuli utsi, kuli phokoso, akafa pang'onopang'ono. Ndinati ndiyese, lole isananyamuke ndidzabwera kudzanena. Anavomera osandiyang'ana.

Ndinamuika m'dengu, ndinavundikira ndi chiguduli, mchenga ndinamanga pansalu. Analira njira yonse mpaka mawu anasasa. Kumudzi ana anandizungulira, agalu ali pambuyo. Amayi ena ankanong'onezana kuti mkazi wopanda mwamuna wabwera ndi chona wofiira wogona m'nyumba, tione zimene ziyambe kuchitika m'mudzi muno. Ndinamuikira mchenga m'phale kuseri kwa mitsuko. Ndinakhala naye pansi monga kale. Koma m'nyumba ya chipinda chimodzi mulibe pobisala. Nkhuku kulowa, mtondo kugunda panja, ana kusuzumira pakhomo. Sanadye, sanamwe. Ankapita paphale, kunjuta, kulira, kuchoka, kubwereranso. Poyamba pankatsala kadontho ka magazi. Kenaka panalibenso kanthu. Nditamugwira pamimba panali gwaa ngati mwala, ndipo anakuwa kukuwa kumene sindikufuna kukufanizirani.

Mayi anga, amene ankamunena, ndi amene analankhula. "Nashawa, ine sindiona koma ndikumva. Chinthucho chikuvutika. Ngati uli nacho chifundo, usachisunge chifukwa cha iwe mwini."

Kutacha ndinamubwezera m'dengu. Ulendo uno sanalire. Ndinafika ku Boma dzuwa litapendeka, katundu ali kale palole. Bwana anavundukula chiguduli, anamugwira pamimba. Anati dokotala wa mphaka kuno kulibe. Ndinati, "Ndikudziwa, bwana. Chitani msanga."

Che Saidi anakumba pansi pa mtengo wa pichesi, galu atamukweza kale palole. Bwana anayesa kumutulutsa Jinja m'dengu, anakanirira ndi zikhadabo. Che Saidi anayesa, chimodzimodzi. Bwana sanafune kumuwombera akulimbana, kuopa kumulasa pena. Ndinaona bokosi lija litatayidwa padzala ndi zinthu zina zosapita. Ndinalitenga, ndinathiramo mchenga wotsala pansalu, ndinausalaza ndi dzanja, ndinaliika pansi pa mtengo. Ndinapendeketsa dengu. Anatuluka yekha, akudzandira, anakwera m'bokosi. Anapalasa pang'ono, ananjuta, anakhala phee, akuyesabe kuchita chimene ndinamuphunzitsa kuti pamenepo n'chosaopsa. Bwana anati ndipite kukhitchini. Ndinapita, ndinatseka makutu, koma ndinamva.

Tinamuika m'bokosi momwemo. Bwana anandigwira chanza, chinthu chimene sanachitepo, dzanja lake lili lozizira. Che Saidi anandipatsa chipande chake chabwino, nati, "Ichi n'chophikira, achemwali, musakasokoneze." Anafuna kuseka, sizinatheke. Ndinagona kwa mlamu wanga. Mmawa lole inatsika msewu wa ku Balaka, ndipo awiriwo sindinawaonenso.

Ndinayenda kubwerera ku Kandeu dengu lili pamutu, lopepuka moti mphepo inkafuna kulitenga. Ndikuyandikira mudzi ndinapeza Enelesi pamphambano, chikho cha madzi m'manja. Anaika chikho pansi. Ndinatula dengu, anasuzumiramo, anapeza chiguduli chokha ndi ubweya wofiira pang'ono. Sanafunse za mphaka. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwabwera kudzagona, kapena kudzakhala?"

"Kudzakhala."

Anaganiza kaye, lilime lili pamano atsopano aja amene anamera ine kulibe. Kenaka anatola chikho chake n'kundipatsa.

"Ndiye nyamulani, amayi. Ine manja atopa."